Kadontho ka Oilo Pansi pa Land Rover: Mbiri ya Amakaniko a ku Grogon

 Lero tilowa pansi pa galimoto, ndipo galimoto yake ili ku Nairobi.

Amene munagulako kagalimoto kapena minibasi n'kusiyira abale kumudzi mukuudziwa uthenga uja wa pa WhatsApp: "Achimwene, galimoto ikutaya oilo, amakaniko akuti ndi seal ya kumbuyo." Mukafunsa mtengo wa seal, si ndalama yoti n'kudandaula nayo. Mukafunsa ya amakaniko, mutu umaima. Pamenepo mumayamba kuganiza kuti anthu akukudyerani masuku pamutu. Nthawi zina amakudyeranidi, tisanamizane. Komatu kuti munthu afike pomwe pali kachinthuko ayenera kutsitsa giyabokosi, kuchotsa kilatchi, kumasula flywheel, ndipo pa injini zambiri zakale kutsitsanso sampu. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, mwina awiri, chifukwa cha kanthu kokwana m'dzanja. Akaphonya pang'ono, zonse zija azimasulanso.

Amakaniko amaitcha rear main seal. Vuto lomwe imalimbana nalo n'losavuta kulimvetsa. M'kati mwa injini muli crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza. Mphamvu yake iyenera kutuluka kupita ku matayala, choncho kumapeto kwake kumabowola khoma la kumbuyo kwa injini n'kukagwira flywheel. Pafupi penipeni ndi bowolo pali beringi yomaliza, yomwe pampu imaithira oilo wotentha mosalekeza. Ndiye pakufunika chinthu chomwe chilole chitsulo kuzungulira ka 3,000 pa mphindi, kutanthauza ka 50 pa sekondi imodzi, koma chikanize oilo kudutsa. Opanga magalimoto anavutika nalo funsoli kwa zaka zoposa 50, ndipo mayankho awo onse, abwino ndi obalalika omwe, anakathera m'manja mwa amakaniko a ku Nairobi.

Yankho loyamba linali losaika seal n'komwe. Pa injini ngati za Austin ndi Morris Minor, zija za BMC zomwe zinadzaza m'maiko olamulidwa ndi Britain m'ma 1950 ndi 1960, kumapeto kwa crankshaft ankalembako mizere yozungulira ngati ya bawuti. Injini ikamazungulira, mizereyo imakankhira oilo m'kati. Nzeru yabwino ndithu, bola injini ikulira, mabering'i sanathe, ndipo galimoto ili pamalo osatsetsereka. Mukaimika pachitunda mphuno itayang'ana kumwamba n'kuzimitsa, oilo amapeza njira yake. Ku England anthu ankangoika thireyi pansi m'galaja n'kumaseka kuti galimoto ikulemba malire a kwawo. Ku Kenya nkhani inali ina. Nairobi ili pamtunda wa mamita oposa 1,600, ndipo kutuluka mumzindawo kupita ku Naivasha kapena ku Nakuru kunali kutsika phompho la Rift Valley pa msewu umene akaidi a nkhondo a ku Italy anamanga nthawi ya nkhondo yachiwiri, kenako pobwerera n'kulikweranso pa giya yotsika injini ikuwira. Misewu yambiri inali yadothi. Oilo akatuluka amagwira fumbi, fumbi ndi oilo zimapanga phala lokhakhala, ndipo phalalo limadya chitsulo ngati sandipepa.

Kumbukirani kuti galimoto yoyamba kuyenda kuchoka ku Nairobi kukafika ku Mombasa inatero mu 1926, woyendetsa wake Lionel Galton-Fenzi, amene anayambitsa bungwe la eni magalimoto kumeneko mu 1919. Zaka 30 pambuyo pake msewuwo unali usanathe kuikidwa tara. Makina opangidwira misewu ya ku Birmingham ankayesedwa m'malo omwe owapanga sanawalotepo.

Yankho lachiwiri linali chingwe. Inde, chingwe chenicheni, cholukidwa ndi asbestos n'kupakidwa graphite, chodulidwa pawiri: theka m'ngalande ya mu buloko, theka m'ngalande ya mu kapu ya beringi. Ford ankagwiritsa ntchito chimenechi, Chevrolet naye, Jaguar naye, ngakhale injini ya V8 ya mu Range Rover zoyambirira. Kuika chingwe ndi luso la m'manja lenileni. Suchikhomera ndi hamala. Umachigoneka m'ngalande n'kumachikanikiza ndi chitsulo chobulungira, kapena mpini wa hamala, ukugudubuza kuchokera kumapeto kulowera pakati, mpaka chitakhala pansi penipeni. Kenako umadula nsonga zake ndi lezala lakuthwa kwambiri, mosasiya ulusi ngakhale umodzi wopachikika, chifukwa kaulusi kamodzi kakapanikizika pakati pa kapu ndi buloko, kapu sikhala bwino ndipo beringi iyamba kudyeka. Ukadula mofupikitsa, patsala mpata. Ukasiya motalikitsa, chingwe chimafinya crankshaft, chimatentha, chimapsa, n'kuyamba kutaya kuposa kale. Mmisiri wodziwa akamanga kapu amazunguza crankshaft ndi dzanja kuti amve kulemera kwake. Iyenera kulimba pang'ono, koma izizungulira. Kulemera koyenera kwake kulibe nambala yoti muwerenge m'buku. Kumakhala m'mkono mwa munthu amene wachitapo kambirimbiri.

A ku Sweden anali ndi njira yawo. Injini ya Volvo yotchedwa B18 inkatuluka ku fakitale ndi seal ya nsalu yokhuthala yaubweya, yonga ya zipewa za azigogo athu. Ndatchula dala injini imeneyi, chifukwa ndi yomwe inali mu Volvo PV544 imene Joginder Singh ndi m'bale wake Jaswant anapambana nayo mpikisano wa Safari mu 1965. Galimotoyo sinali yatsopano. Inali itathamanga kale Safari ya 1964, Joginder n'kuigula yogwiritsidwa kale ntchito, n'kumathamanga nayo mipikisano ina, kenako abale awiriwo anaimasula yonse n'kuimanganso okha. Joginder, wobadwira ku Kericho mu 1932, anakulira m'galaja ya bambo ake. Anapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi, koma ya 1965 ija ndiyo anthu amaikumbukira, chifukwa makaniko wapakhomo anagonjetsa magulu a mafakitale okhala ndi ndalama zawo.

Safari inayamba mu 1953, masiku omwe Mfumukazi Elizabeth ankavekedwa ufumu, ndipo poyamba inkadutsa Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Kenako inakhazikika pa Isitala, nthawi ya mvula yaikulu, makilomita pafupifupi 5,000 pa misewu yomwe anthu, ng'ombe ndi malole ankayendamo monga mwa masiku onse. Mu 1963 magalimoto 84 ananyamuka, 7 okha ndi amene anafika. Yoyamba inali Peugeot 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Peugeot 404 inapambananso mu 1966 ndi 1967 ndi Bert Shankland wa ku Tanzania, ndiponso mu 1968 ndi Nowicki yemweyo, chaka chinanso chomwe anafika 7 okha. Mpaka 1972, pamene Hannu Mikkola wa ku Finland anapambana pa Ford Escort, palibe dalaivala wochokera kunja kwa dera la kum'mawa kwa Africa amene anatengapo chikhocho. Anthu amakonda kunena kuti eni dera ankadziwa misewu. Zoona, koma ine ndimati ankadziwanso komwe galimoto imafera. Pa ulendo wa masiku anayi kapena asanu, oilo wodontha pang'onopang'ono kumbuyo kwa injini amalowa m'nyumba ya kilatchi, kilatchi n'kuyamba kutereka pomwe mukufuna kuti igwire, m'matope akuda aja, pakati pa usiku.

Mbiri ya pa Safari inagulitsa Peugeot ku Kenya kuposa chithunzi chilichonse cha m'nyuzipepala. Kampani ya Marshalls ya ku Nairobi inkazigulitsa, ndipo zinasanduka mataksi a maulendo ataliatali, mapikapu a alimi, ndi matatu oyambirira, makamaka Jomo Kenyatta atalamula mu 1973 kuti matatu aziyenda osavutitsidwa ndi ziphaso. 404 inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya mpaka 1991, pomwe ku France anali ataisiya kalekale, ndipo 504 inafika mpaka 2004. Ganizirani tanthauzo lake. Mnyamata wophunzira umakaniko ku Nairobi m'chaka cha 2000 ankaphunzirabe pa injini yomwe maziko ake anajambulidwa agogo ake ali anyamata.

Yankho lachitatu ndi lomwe tonse tikulidziwa lero: mkombero wa mphira wokhala ndi mlomo wopyapyala, ndi kasipuling'i kozungulira ngati chibangili kofinya mlomowo pa chitsulo. Chiyambi chake ndi chikopa. Kampani ya Chicago Rawhide ku America inatulutsa seal yachikopa mu 1928, ndipo ku Weinheim ku Germany, Walther Simmer wa kampani ya Freudenberg, yomwe inali yofufuta zikopa, anapanga yake kumayambiriro kwa ma 1930. Mpaka lero Ajeremani amaitcha Simmerring. Mphira wopangidwa m'fakitale, wosasungunuka ndi oilo, unalowa m'malo mwa chikopa pasanathe zaka zambiri. Koma panali chopinga. Mkombero wathunthu umafuna kulowetsedwa kuchokera kumapeto, ndipo crankshaft za injini zakale zinali ndi chimbale chachikulu kumapeto kwake chomwe mkombero sungadutse. Ndiye anaudula. Apa m'pomwe Land Rover ikulowa.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo chaka chomwecho ku Nairobi kunayamba kampani ya Cooper Motor Corporation, CMC, yomwe inakhala wogulitsa wake kwa zaka zambirimbiri. Kuyambira 1976 zinkalumikizidwa ku Thika, pa fakitale ya Leyland Kenya yomwe lero ndi Kenya Vehicle Manufacturers. Apolisi, asilikali, oyang'anira nyama zakuthengo, amishoni, makampani oyendetsa alendo, onse anali pa Land Rover, monganso kwathu, komwe akuluakulu akukumbukira za chipatala ndi za boma zikutukutira kukwera Livingstonia. Injini yake yotchuka ndi ya malita 2.25, yomwe inabwera mu 1958 ndi Series II, ya dizilo yake n'kutsatira mu 1961. Mpaka cha mu 1980 inali ndi mabering'i akuluakulu atatu, ndipo seal yake ya kumbuyo ndi imodzi mwa ntchito zomwe zimasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongogwira sipanala.

Tiyeni tiione bwinobwino. Seal imabwera yodulidwa malo amodzi, kasipuling'i kake kali padera. Choyamba mumakoleka kasipuling'iko mozungulira crankshaft n'kulumikiza nsonga zake, osakakoka kwambiri, chifukwa kakatanuka kamodzi sikabwereranso. Kenako mumapaka girizi woyenera pa chitsulo ndi pa mlomo wa seal, n'kutsegula seal pang'ono chabe, mongokwanira kuti idutse. Mlomo ndi kasipuling'i ziyang'ane m'kati, komwe kuli oilo. Mukaitembenuza, mwamangira oilo khomo lotulukira. Mukatero mumalowetsa kasipuling'i m'malo mwake ndi kachitsulo kosathwa, ndipo polumikizira pake pasakhale pomwe pali podulidwa pa seal. Podulidwapo payang'ane kumwamba, komwe oilo sakhazikika. Seal imagwiridwa ndi timafelemu tiwiri tachitsulo, kena komangidwa ku buloko, kena ku kapu, ndipo mabawuti ake samangidwa zolimba mpaka zonse zitakhala pakati.

Simunamalize. M'mbali mwa kapu muli timaseal tina tiwiri tooneka ngati chilembo cha T, topangidwa ndi cork, chofewa chija chotsekera botolo la vinyo. Kapu imalowa mothina m'buloko, ndipo ngodya za buloko n'zakuthwa. Mukangoikankha, ngodya zimameta timaT tija inu osaona, ndipo mudzadziwa pakatha sabata, oilo atayamba kudontha. Buku la fakitale limanena za timaplate tapadera tomangirira pa buloko kuti kapu itsetsereke. Amakaniko ambiri alibe, choncho amatsamiritsa timapepala tachitsulo topyapyala, tija toyezera mavalavu, kapena kachidutswa ka chitini, n'kutisolola kapu ikalowa. Nsonga za cork zotsala kunja amazidula n'kusiya zotumphuka pang'ono, osakwana milimita imodzi, kuti sampu ikamangidwa izifinye. Anthu ambiri amene amalumbira kuti seal yatsopano inali yabodza, kwenikweni anameta T.

Tsono ntchito yosamalitsa chonchi, ku Nairobi imachitikira kuti? Mbali yaikulu imachitikira panja, m'mbali mwa Kirinyaga Road ndi tinjira totsikira ku mtsinje wa Nairobi, dera lomwe aliyense amalitchabe Grogon. Dzinali likuchokera kwa Ewart Grogan, Mngelezi amene anatchuka ndi ulendo wochoka kum'mwera kwa Africa kukafika ku Cairo pakati pa 1898 ndi 1900. Paulendowo anadutsa kwathu, kukwera Shire, Blantyre, nyanja mpaka ku Karonga. Munthu yemweyo mu 1907, pamodzi ndi anzake, anakwapula Akikuyu atatu okoka rikisho pamaso pa gulu panja pa khoti la Nairobi. Dziko litalandira ufulu mu 1963 mayina a misewu yambiri anasinthidwa, uwu n'kukhala Kirinyaga, koma pakamwa pa anthu dzina lakale linakana kuchoka. Lero mwana wa ku Nairobi akamva Grogon amaganiza za masipeyala, osati za mzungu wa chikoti.

Magalaja ndi masitolo a zitsulo a m'derali poyamba anali a Amwenye, ambiri a iwo Asikh, omwe makolo awo ena anabwera ndi njanji yomwe inabala Nairobi mu 1899. Anthu akuda ankalowa monga otsuka zitsulo ndi opatsira masipanala, n'kumaba luso ndi maso. Mu 1967 boma la Kenya linakhazikitsa malamulo a ziphaso za malonda ndi a zolowa m'dziko omwe anapanikiza Amwenye osakhala nzika, ndipo masauzande ananyamuka kupita ku Britain, mpaka boma la kumeneko linathamangitsa lamulo la 1968 lowatsekera khomo. Inu a ku Leicester ndi ku London, ena mwa eni masitolo ndi magalaja omwe mumawadziwa ndi ana a anthu amenewa. Kwathunso zinachitika mwa mtundu wake m'ma 1970, pamene Kamuzu anachotsa Amwenye m'mizi n'kuwasiya m'matauni akuluakulu. Ku Nairobi, otsala ndi luso m'manja koma opanda nyumba yogwiriramo ntchito anatulutsa mabokosi awo a masipanala n'kukhala pansi padzuwa. Mawu akuti jua kali ndi Chiswahili, kutanthauza dzuwa loswa mtengo.

Akatswiri a zachuma anachedwa kuwaona. Mu 1972 bungwe la ILO linatulutsa lipoti lokhudza ntchito ku Kenya lomwe linafalitsa dziko lonse mawu akuti informal sector. Kenneth King wa ku Edinburgh analemba mabuku awiri za amisiriwa, mu 1977 ndi mu 1996, ndipo anafotokoza mmene achinyamata ankalipira mmisiri wamkulu kuti awaphunzitse, popanda satifiketi kapena kalasi. Mu 1985 Pulezidenti Daniel arap Moi anaima kwa osula zitsulo a ku Kamukunji n'kulonjeza mashedi, ndipo kuyambira pamenepo jua kali inalowa m'mapepala a boma. Amene munakulira ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Biwi simukufuna buku kuti mumvetse zimenezi. Mwaona injini italendewera pa nthambi ya mtengo, mnyamata akutsuka mapisitoni m'beseni la petulo, bwana wake atakhala pa tayala akumuyang'ana.

Sindikufuna kuti tiwatamande mopitirira, ngati mmene amachitira alendo obwera ndi makamera. Seal imadana ndi fumbi, ndipo munthu woika seal pansi pa dothi, mphepo ikuwomba, amayamba ntchito atagonja kale theka. Zambiri zomwe timazitcha nzeru za kwathu ndi umphawi chabe: kubwezeretsa kasipuling'i kakale, kudula cork kuchokera ku gasiketi ina, kupaka silikoni wambirimbiri mpaka wina n'kuthothokera m'sampu n'kukatseka sefa ya pampu ya oilo. Injini yofa ndi silikoni imafa mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzaimba mlandu dalaivala. Chingwe chakale chija chinali cha asbestos, fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri, ndipo anyamata ankachipala ndi kuchipemerera ndi pakamwa opanda chotseka mphuno. Oilo wakuda wa m'magalaja apanja amathera m'ngalande, ngalande n'kuthira mu mtsinje wa Nairobi, monga wa ku Blantyre amathera mu Mudi. Koma polankhula za luso lenilenilo, la kumva ndi chala kuti chitsulo chili ndi mzere, la kudziwa pomwe chingwe chakhala, amisiri abwino a ku Grogon sachepa kwa wina aliyense, chifukwa injini zomwe ku Ulaya zinapita kosungira zakale, iwo anapitiriza kuzitsegula tsiku ndi tsiku kwa zaka zina 30.

Ndipo mmisiri wabwino amadziwika asanagwire n'komwe giyabokosi. Oilo amatsikira pansi ndiponso amathawira kumbuyo ndi mphepo, choncho chilichonse chodontha pa injini chimakathera malo amodzi, pomwe injini imakumana ndi giyabokosi. Gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba ikatha, oilo amatsika kuseri kwa injini n'kuoneka ngati wa seal. Gasiketi ya sampu chimodzimodzi. Nthawi zina si wa injini n'komwe, ndi wa giyabokosi, ndipo ameneyo amadziwika ndi fungo lake loipa ngati la mazira ovunda. Wodziwa ntchito amatsuka injini yonse, amaiumitsa, amailiza, n'kuyang'ana ndi tochi kuyambira pamwamba. Wina amawaza ufa kapena paudala kuti aone njira ya oilo. Amene wangosuzumira pansi n'kunena kuti ndi seal, muuzeni m'bale wanu apite kwina.

Chachiwiri ndi mpweya. Maring'i a mapisitoni akatha, utsi wina umadutsa n'kulowa m'munsi mwa injini. Injini iliyonse ili ndi popumira potulutsa utsiwo: zakale zinali ndi kapaipi kolozera pansi, ndipo kuyambira m'ma 1960, poyamba ku California, anayamba kuubwezera m'injini kudzera pa kavalavu kotchedwa PCV. Popumirapo pakatsekeka ndi litsiro, mphamvu ya utsi imafuna potulukira, ndipo pofooka ndi pa seal. Mukhoza kusintha seal katatu, yabwino ya fakitale, ikatayabe, pomwe vuto ndi kapaipi kotsuka ndi parafini. Chachitatu ndi chitsulo chenichenicho. Mlomo wa mphira ndi wofewa, koma ukakhala ndi fumbi kwa zaka umakumba kamzere pa crankshaft. Chikhadabo chikakodwa pamenepo, seal yatsopano siithandiza. Pa injini za mkombero wathunthu amavekapo kachipewa kachitsulo kopyapyala kwambiri, kapena amakhazika seal patsogolo pang'ono kuti mlomo ugwire posadyeka. Pa zinazo crankshaft imapita kokapala. Mabering'i akatha, crankshaft imagwedera, ndipo palibe seal padziko pano yomwe ingatsatire chitsulo chovina. Ndiye mukamatumiza ndalama ija, funsani ngati anatsuka injini asanaweruze, ngati anaona popumira, ndiponso ngati kilatchi yanyowa, chifukwa giyabokosi ikatsika kamodzi ndi bwino kusinthiratu zonse zofunika. Kuthamanga sikufika.

Zonsezi zikutha pang'onopang'ono. Land Rover inasintha injini ija cha mu 1980, kuika mabering'i asanu ndi seal yathunthu, ngakhale timaT tija tinatsalabe. Chevrolet inasintha V8 yake mu 1986. Kenya ili ndi lamulo loletsa kulowetsa galimoto yopitirira zaka 8, ndipo misewu ya Nairobi yadzaza ndi Toyota, Nissan ndi Subaru zochokera ku Japan, zofanana ndi zomwe timakatenga ku Dar es Salaam n'kulowa nazo pa Songwe. Seal zake ndi mkombero umodzi woukhomera molunjika, ndipo zina zatsopano, za PTFE, zimaikidwa zouma popanda girizi, kotero mkulu wozolowera kupaka oilo chilichonse akhoza kuiwononga chifukwa cha chizolowezi chake chabwino chomwecho. Mnyamata wa lero pa Kirinyaga Road amadziwa kompyuta yowerengera matenda a galimoto, koma mwina sanagwirepo chingwe. Palibe chomuimbira mlandu. Amaphunzira zomwe zimabweretsa chakudya.

Injini zakale zikadalipo, koma zasamukira kwa ena. Kuyambira 1971 kalabu ya eni magalimoto a Alfa Romeo yakhala ikuchititsa chionetsero cha Concours d'Elegance, chomwe chimachitikira pa bwalo la mahatchi la pa Ngong Road, ndipo oweruza amayang'ana injini ndi kunsi komwe, kotero kadontho kamodzi kamadya mapointi. Mu 2003, patatha zaka 50 chiyambireni Safari, kunayamba East African Safari Classic Rally ya magalimoto akale, chaka chimodzi Safari yeniyeni itachotsedwa pa mpikisano wa dziko lonse. Inabwereranso mu 2021 ku Naivasha. Land Rover za Series zomwe kale zinali za boma ndi za mishoni tsopano zikusakidwa ndi ogula a ku Ulaya ndi America. Ena mwa inu mukugwira ntchito m'magalaja a ku Cape Town kapena Birmingham komwe galimoto zoterezi zimabwera, ndipo mwini wake amalipira bwino munthu wodziwa kukhazika T osaimeta. Ngati kwanu kuli mkulu amene anagwirapo ntchito ku PVHO kapena m'galaja ya mishoni, mukapita ku holide khalani naye tsiku limodzi, muone mmene amagwirira lezala.

Kanthu kena ka Land Rover kamene amisiri a ku Nairobi amayamba kuyang'ana galimoto ikangofika: pansi pa nyumba ya flywheel pali kabowo, ndipo pafupi pake pamakhala kabawuti kotsekera. Kabawutiko ndi kowolokera mitsinje basi, kuti madzi ndi matope zisalowe mu kilatchi. Mukawoloka mumakachotsa. Ogulitsa ena amakamanga dala kuti pansi paoneke pouma tsiku lomwe wogula akubwera. Mmisiri amamasula kabawutiko ali ndi chitini m'dzanja, ndipo kuchuluka kwa zomwe zituluke n'komwe kumayambira kukambirana mtengo.